Phunziro la zaluso litsate nyengo za kwathu

Akonzi,

Ndithokoze pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za phunziro la zaluso m'sukulu zathu za pulayimale, lomwe pa ndandanda wa maphunziro limatchedwa Expressive Arts. Ndinaphunzitsa kwa zaka zambiri m'sukulu za kumidzi kuno ku Kasungu ndisanapume pa ntchito, ndipo mpaka lero ndimathandiza nawo komiti ya sukulu ya m'dera lathu, choncho zomwe ndikulembazi ndimaziona ndi maso. Dandaulo langa ndi lakuti phunziro limeneli, lomwe linayenera kuchitika ndi manja, mawu ndi thupi lonse, lasanduka la manotsi okopera pa bolodi, pamene zipangizo zophunzitsira zimafika zokha pakhomo pa sukulu malinga ndi nyengo ya chaka, ife n'kumangoziponda.

Pamene silabasi ya pulayimale inasinthidwa kuyambira m'chaka cha 2007, akatswiri a ku Malawi Institute of Education ku Domasi anasonkhanitsa kuimba, kuvina, zisudzo, kujambula, kuumba, kusoka ndi masewera olimbitsa thupi n'kuziika pansi pa phunziro limodzi. Maganizo amenewo anali abwino, pakuti ngakhale kumudzi zinthu zimenezi siziyenda padera: wovina mganda amafuna badza, ndipo badzalo pali wina amene analisema kuchokera ku chikho n'kumatapo kanembanemba kuti lilire bwino. Vuto lili pa kayesedwe. Pa mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB, zaluso zimafunsidwa pa pepala la Arts and Life Skills, ndipo mwana amayankha ndi cholembera basi. Popeza sukulu imatamandidwa kapena kunyozedwa malinga ndi chiwerengero cha ana amene asankhidwa kupita ku sekondale, mphunzitsi amaphunzitsa zomwe zidzafunsidwe, m'njira yomwe zidzafunsidwire. Zotsatira zake n'zakuti mtsikana wa Sitandade 7 amatha kulakatula m'Chingerezi ndondomeko yonse ya kaumbidwe ka mbiya, chonsecho sanakandepo dongo, ndipo mutamupatsa sangadziwe ngati lafewa mokwanira kapena ayi. M'makalasi ang'onoang'ono, nthawi ya zaluso ndi imene imayamba kulandidwa masamu akatsalira m'mbuyo, apo ayi ana amangouzidwa kuti aimbe nyimbo ziwiri aweruke.

Sindikuloza chala aphunzitsi, chifukwa ntchito yawo ndikuidziwa kulemera kwake. Chiyambire m'chaka cha 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale ndipo chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa ana osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi athu sanapepukenso. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi oyambirira si zachilendo kupeza ana oposa 100, ena mwa iwo akuphunzirira pansi pa mtengo. Munthu woteroyo mukamuuza za zaluso amakufunsani kuti makrayoni, penti ndi mapepala oyera azitenga kuti, ndipo funso lakelo ndi lomveka. Pomwe ndikusiyana ndi anzanga ambiri ndi pakuti iwo amaona ngati luso limayamba pokhapokha katundu wa m'sitolo akafika. Tonsefe tinaphunzitsidwa ku koleji mfundo ya TALULAR, yakuti tiziphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu, koma mfundoyi imalephereka chifukwa timatsata buku tsamba ndi tsamba osayang'ana kunja kwa zenera. Zimachitika kuti mutu wa kuluka wafika udzu ukadali wauwisi, kapena mutu wa kuumba wafika mvula ili pakati moti chowumbidwa chilichonse sichiuma, ndiye mphunzitsi amangolemba manotsi n'kupitirira. Buku ndi limodzi kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, koma mphunzitsi ndi amene amalemba sikimu yake, ndipo palibe choletsa kuti mitu aikonze motsata nyengo ya kwawo.

Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, m'chilimwe, ndipo imeneyi ndi nyengo ya dongo. Madambo amakhala ataphwa moti malo okumba dongo amafikika, dzuwa ndi lokwanira, ndipo amayi oumba mbiya kumudzi amakhala ali pa ntchito yomweyo. Ntchito ya dongo ili ndi maphunziro ambiri kuposa momwe anthu amaganizira. Ana amayamba ndi kulinyika, kenaka kuchotsamo timiyala ndi timizu, kusinja mapale a mbiya zakale n'kusakanizamo kuti lisang'ambike, ndi kulikanda mpaka ligwirane. Ang'onoang'ono a Sitandade 1 ndi 2 angoumba ng'ombe, nkhuku, timipira ndi zilembo, ndipo zala zomwe zapinda dongo kukhala chilembo cha a kapena cha g sizivutikanso kwambiri kugwira pensulo. Achikulirepo aumbe timiphika ndi timitsuko posanjikiza dongo lopotedwa ngati chingwe, kusalaza ndi chitsononkho, ndi kukulungiza ndi nkhulungo likayamba kulimba. Kenaka pamabwera phunziro lomwe mwana saliiwala. Kamphika koyanikidwa pa dzuwa la Okutobala kamang'ambika chifukwa kunja kumauma msanga m'kati mukadali mwauwisi, pamene koumitsidwa pamthunzi kwa masiku angapo kamakhala kabwinobwino. Komwe kaikidwa pamoto kasanaumitsitse kamaphulika, pakuti madzi otsalira m'kati amasanduka nthunzi n'kufuna potulukira. Mwana amene kamphika kake kaphulika amafunsa yekha chifukwa chake, ndipo mphunzitsi wa sayansi amapeza poyambira. Chofunika ndi kuwerengera nthawi bwino kuti kuwotcha kuchitike mvula ya Novembala isanakhazikike, ndipo chizimalupsa chikagwa chikhale chenjezo lakuti masiku atsala ochepa.

Nyengo yomweyi ndi ya utoto wa m'dothi. Mayi aliyense wozira nyumba amadziwa komwe kuli mtsiro wakuda, komwe kuli wofiira ndi komwe kuli woyera, ndipo ambiri amakongoletsa makoma ndi maluwa ndi mizere popanda amene anawaphunzitsa m'kalasi. Katondo, makala osinja, phulusa ndi mwaye wa kukhitchini zimapereka mitundu yokwanira kuyambira, ndipo madzi owiritsira chidede amapereka mtundu wofiira wowala. Burashi ndi kamtengo kotafunidwa kunsonga kapena nthenga ya nkhuku, chomatira ndi phala la ufa wa chinangwa, ndipo pojambulapo ndi makatoni otha ntchito kapena khoma lomwe ahedi aloleza. Wina asaganize kuti zimenezi ndi zongopeputsa chifukwa cha umphawi. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula za pa miyala, zofiira zakale kwambiri za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Zojambula zoyerazo zinalembedwa ndi dothi, zambiri ndi chala, ndipo zina zinali zophunzitsira atsikana pa chinamwali. Kuno kwathu, m'nkhalango ya Kasungu National Park muli zotsalira za ng'anjo zomwe makolo ankasungunulira chitsulo, ndipo ng'anjozo zinamangidwa ndi dothi lomweli. Mwana wa ku Kasungu ayenera kudziwa kuti pamene akusakaniza katondo ndi madzi akupitiriza ntchito yomwe anthu a kwawo anaiyamba kalekale.

Teremu yachiwiri imagwa pakati pa dzinja, ndipo ndivomereze kuti ndi yovuta. Mvula imabalalitsa makalasi a pansi pa mtengo, mitsinje imadzaza, nkhokwe zambiri zimakhala zitatha mu Januwale ndi Febuluwale, ndipo ana ena amajomba chifukwa cha ntchito za kumunda ndi za fodya. Nthawi yotere ndi yoyenera zinthu zosalira zipangizo zambiri, monga nthano, zilapi, nyimbo ndi zisudzo. Tsiku la John Chilembwe pa 15 Januwale ndi la Ofera Dziko pa 3 Malichi amapereka nkhani zoti ana asewere okha, ndipo mwana amene wasewerapo zomwe zinachitika m'chaka cha 1915 kapena cha 1959 amazikumbukira bwino kuposa amene anangoloweza zaka. Dzinja ndi nyengonso yophunzira kuyang'anitsitsa. Gulu lililonse lisankhe phando limodzi la chimanga m'munda wa sukulu, lizilijambula sabata iliyonse n'kumayeza kutalika kwake ndi kamtengo, kuyambira pa mmera mpaka pa ngayaye ndi ndevu. Popeza nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ana atha kudinda masamba a mitengo yomwe adzala powapaka matope ofewa n'kuwakanikiza pa katoni, kuti asiyanitse tsamba la mtangatanga ndi la mbawa.

Koma nyengo yolemera koposa ndi ya masika ndi chisanu, yomwe ndi teremu yachitatu, ndipo ndi imene timaitaya kwambiri chifukwa sukulu yonse imakhala ili ndi nkhawa ya mayeso. Anthu akakolola, minda imadzaza mapesi, makoko ndi zitsononkho, zomwe zambiri zimangotenthedwa. Phesi ndi chipangizo chodabwitsa kwa mwana, pakuti m'kati mwake ndi mofewa mobayika pamene khungu lake limasendeka kukhala timizere tolimba, ndipo ndi ziwiri zimenezi ana amapanga magalasi a maso, tinyumba, timipando, ngolo ndi ndege popanda msomali kapena chomatira. Kuti kanyumba ka mapesi kaime, mizati iyenera kulingana kutalika, ndipo mwana amaphunzira kuyeza asanauzidwe kuti akuchita masamu. Makoko a chimanga akanyikidwa amapoteka kukhala chingwe, timphasa ta patebulo kapena zidole. Zikho zouma zimakhala mabadza ndi maseche, ndipo chidutswa cha chikho chosweka chikasemedwa mozungulira n'kuboola pakati chimasanduka nsikwa yogwetsera zitsononkho. Nsikwa yomwe bowo lake silili pakati penipeni imapendama n'kugwa msanga, choncho wosemayo amayenera kupeza pakati pa chinthu chozungulira, yomwe ndi mfundo ya m'buku la masamu. Udzu umakhala utauma, khonje ndi bango zilipo, ndipo akuluakulu oluka malichero, madengu ndi mphasa amakhala atapepukidwa ku ntchito ya kumunda. Ana okha amakhala akuchita kale masanje m'minda yokololedwa, kumanga timisasa ndi kugawana maudindo a pabanja, zomwe ndi zisudzo zenizeni zopanda wowalembera. Sukulu ikanangotsegula chitseko kuti zimenezi zilowe, theka la ntchito ya mphunzitsi likanakhala litatha.

Pano ndikumbutse owerenga za William Kamkwamba wa kwa Wimbe m'boma lomwe lino, amene atasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, anapanga makina amphepo opereka magetsi ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, zipangizo za njinga ndi milongoti ya bulugama. Anthu amatchula kwambiri mabuku a mulaibulale omwe anawerenga, ndipo ndi zoona kuti anamuthandiza, koma buku likanakhala lopanda phindu kwa mnyamata amene manja ake sanazolowere kumasula, kupinda ndi kulumikiza zinthu. M'kalasi iliyonse muli anyamata opanga magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chokhota matayala, ndi atsikana oluka ndi kusoka mwaudongo, ndipo kawirikawiri ndi omwewo amene timawakhazika kumbuyo chifukwa amachedwa kuwerenga. Mwana wotere akaona kuti pali phunziro limodzi lomwe anzake amabwera kudzafunsa kwa iye, amapeza chifukwa chodzukira m'mawa wa mu Juni n'kubwera kusukulu. Akulu anati m'mera m'poyamba, ndipo akalipentala, atelala, okhoma zidebe ndi olemba zikwangwani omwe timawaona pa Kasungu boma ambiri anayambira pa zoseweretsa zomwezi.

Za magule sindichulutsa, popeza chimtali, chitelera ndi mganda ana athu amazidziwa kale ndipo nyengo yake ndi yomweyi ya pambuyo pa kukolola. Ndingochenjeza pa chinthu chimodzi. Gule Wamkulu ndi chuma chathu, ndipo UNESCO inamulemekeza m'chaka cha 2005, koma za kudambwe zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Mphunzitsi asauze ana kuti apange zofanizira zilombo m'kalasi, chifukwa angakhumudwitse mafumu ndi akuluakulu a mwambo mbali ino, ndi makolo a mipingo mbali inayo. Ana atha kuphunzira za ng'oma, nyimbo za pabwalo ndi tanthauzo la gule pa moyo wa mudzi kuchokera kwa munthu amene amfumu amuloleza kulankhula. Ngati akufuna kupanga zophimba kumaso za chisudzo, apange za Kalulu, Fisi ndi Kamba a m'nthano.

Ndikudziwa kuti pali makolo amene adzanena kuti anatumiza mwana kukaphunzira Chingerezi, osati kukaseweretsa matope, ndipo mawu awo sitingawanyoze, chifukwa dzina la ntchito zamanja linaipitsidwa ndi ife tomwe. Pakhala sukulu zomwe nthawi ya zaluso imasanduka yotuma ana kukamweta udzu wa mpanda wa aphunzitsi, kutunga madzi kapena kubweretsa matsache, ndipo pakhalanso chizolowezi chakuti mwana amagula lichero pa msika, kapena amamupangira agogo ake, n'kukalandira malikisi. Zimenezo ndi kudyera ana masuku pamutu, ndipo si phunziro. Lamulo likhale lakuti chilichonse chopatsidwa malikisi chipangidwe pasukulu mphunzitsi akuona, ndipo chikatha chikhale cha mwanayo, apite nacho kwawo. Kholo likaona kamtsuko kowotchedwa bwino kapena kampando kolimba komwe mwana wake wapanga yekha, ndipo mwanayo n'kulifotokozera chifukwa chomwe koyamba kanang'ambikira, maganizo ake amasintha.

Chitetezo cha ana chisaiwalike. Kokumba dongo apite ndi wamkulu, asalowe m'maenje akuya omwe angagumuke, ndipo asasewere m'madzi osayenda a m'dambo chifukwa cha likodzo. Utomoni wa nkhadze umawononga maso, njere za nsatsi ndi poizoni ngakhale zili zokongola zokopa mwana kuzitunga mkanda, chitedze chimayabwa koopsa, ndipo masamba a fodya wauwisi asalowe m'kalasi ngakhale pang'ono pakuti chikonga chake chimalowa pakhungu. Mipeni ndi malezala zigwiritsidwe ntchito ndi akuluakulu a Sitandade 5 kupita m'tsogolo, aliyense lake, ndipo moto wowotchera mbiya ausonkhe ndi munthu wamkulu, kutali ndi madenga a udzu. Zipangizo za ku mitengo zikhale zogwa zokha, chifukwa sitingaphunzitse ana kudzala mitengo mu Januwale n'kuwatuma kukasenda luzi mu Juni m'boma lomwe mitengo yatha kale ndi zigafa za fodya ndi makala.

Funso lotsala ndi lakuti mphunzitsi amene iye mwini sadziwa kuumba kapena kuluka aphunzitsa bwanji. Yankho lili m'midzi yozungulira sukulu. Ku Mua m'boma la Dedza, malo a Kungoni omwe anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976 anakula chifukwa cholemekeza amisiri a kumudzi ndi kuwapatsa mpata wophunzitsa achinyamata, ndipo sukulu iliyonse ingachite zofanana ndi zimenezo pang'ono pokha. Komiti ya sukulu, a PTA ndi amayi a Mother Group amadziwa amene amaumba bwino, amene amaluka ndi amene amasema ng'oma. Mayi woumba mbiya akaitanidwa mwaulemu kudzera kwa amfumu, n'kupatsidwa kangachepe kothokoza, amabwera ndi mtima wonse, ndipo ana 100 amagawika m'magulu pansi pa mitengo, a makalasi apamwamba n'kumathandiza ang'ono awo. Mphunzitsi ntchito yake ikhale yolumikiza zomwe mmisiriyo akuchita ndi silabasi, ndipo naye aphunzire limodzi ndi ana popanda manyazi. Atsikana aloledwe kupinda mawaya, anyamata agwire singano ndi dongo, pakuti silabasi sinagawe maluso amenewa potengera kuti uyu ndi wamkazi kapena wamwamuna.

Pempho langa loyamba likupita kwa alangizi a maphunziro a m'mazoni, a PEA, kuti chaka chisanayambe asonkhanitse aphunzitsi a zaluso ku TDC, malo a m'zoni osulirako aphunzitsi, tsiku limodzi, alembe pamodzi kalendala ya zoni yawo yosonyeza mwezi womwe dongo, udzu, mapesi ndi zikho zimapezeka, ndi mayina a midzi komwe kuli amisiri, kenaka masikimu atsate kalendalayo. Ya kwa Chulu sidzafanana ndendende ndi ya ku Chamama kapena ya kwa Kaluluma, ndipo siyenera kufanana. Akuluakulu a Kasungu Teachers Training College aonetsetse kuti wophunzira uphunzitsi aliyense waumbapo, walukapo ndipo wasakanizapo utoto wa dothi ndi manja ake asanapite kukayeserera ntchito. Makomiti a sukulu apatuleko kandalama kochepa pa thumba lotukulira sukulu lomwe boma limapereka, kogulira singano, ulusi, masizasi ndi mapulayasi owerengeka, ndiponso apeze ngodya youma yosungiramo mapesi ndi makoko kuti chiswe chisadye, popeza zokololedwa mu Meyi zitha kugwira ntchito mpaka teremu yoyamba ya chaka chotsatira. A Sitandade 8 akamaliza mayeso awo chipinda chawo chimatsala chopanda anthu, ndipo chimenecho chikhale malo a chionetsero cha ntchito za ana, makolo ndi mafumu aitanidwe sukulu isanatsekere mu Julayi. Ku Unduna wa Zamaphunziro ndi ku MANEB ndikupempha kuti aganizire njira yakuti gawo lina la malikisi a zaluso lichokere pa chinthu chomwe mwana wapanga ndi manja ake m'kati mwa chaka, chitaonedwa ndi mphunzitsi wochokera ku sukulu ina ya m'zoni yomweyo kuti pasakhale kukondera.

Ine wanu,

Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Santhe, Kasungu